Alamu Anu Anatsitsa Nyumba

9 Julayi

Okondedwa akulu anga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko. Mudabwa kulandira kalata ya papepala pamene timalankhulana pafoni Lamlungu lililonse, koma pafoni paja ine ndimasanduka munthu wina. Mukangoti, "Uli bwanji, mng'ono wanga?" pakamwa panga pamayankha pokha kuti ndili bwino, mutu usanaganize n'komwe. Papepala pano mwina ndinena zoona, ngakhale kuti zoonazo nanenso sindikuzimvetsa bwinobwino. Mundikhululukire zilembo zokhotakhotazi. Dzanja ndi lomwe lija linkalemba pabolodi ana a sukulu n'kumasirira, koma tsopano limalemba chigongono chitatsamira papilo.

Ndiyambe ndi zimene ndinakubisirani. Chithandizo chachiwiri chija, chowotcha ndi makina kuti khansa isabwerere, sichinayambe. Anandibweza. Pamakinapo munthu amagona chagada, mkono wa mbali imene anachita opaleshoni n'kuukweza mpaka kupitirira mutu, n'kugwira kachitsulo kamene kali kumutu kwa bedi, osagwedezeka. Mkono wanga wamanja unafika cha paphewa n'kukana. Adokotala anandipatsa tsiku lina kumapeto kwa mwezi uno, ndipo sanabise mawu: chithandizochi chili ndi nyengo yake, chikachedwa kwambiri phindu lake limachepa. Ndiye moyo wanga wonse, akulu, wakolekedwa pa mkono umodzi wosafuna kukwera.

Mufunsa kuti, nanga si iwe wemwe unkandiuza kuti mkono ukukwera tsiku ndi tsiku? Inde, ndinkatero, ndipo sindinkanama. Pamenepa ndi pamene mutu wanga waima. Mundilole ndifotokoze kuchokera poyambira, mwina pofotokozapo nanenso ndimva.

Ululu anandichenjeza, ndipo ndinaukonzekera ngati mmene munthu amakonzekerera mlendo wovuta. Zimene sindinayembekezere ndi zinazi. Pachifuwa pamene anachotsa bere, ndi m'khwapa mmene anachotsa tianabere, khungu linachita dzanzi, moti ndikaligwira ndimakhala ngati ndagwira chikwama cha munthu wina. Koma bere lomwe kulibelo limayabwa. Musaseke, akulu. Limayabwa kunsonga kwenikweni, dzanja n'kupita lokha kukakanda, n'kukapeza mpweya. Ndiuzeni inuyo, chinthu chimene chinatsala kuchipatala chingayabwe bwanji munthu ali kunyumba? Anamwino akuti n'zodziwika, misempha imachedwa kumva uthenga. Ine ndinangovomera, poti nanenso uthengawo sunandifike bwinobwino.

Masiku oyamba ndinkayenda ndi kapaipi kotuluka m'nthiti, kothira madzi a pabala m'kabotolo. Mwana wanu Nsungwi ankakatchula kabotoloko kuti mng'ono wake womaliza, ndipo m'mawa uliwonse ankafunsa ngati kagona bwino. Atachotsa kapaipiko, Nsungwi n'kubwerera kuntchito kwake, kunabwera chingwe. Si chingwe chenicheni, koma ndi mmene chimamvekera. Kuchokera m'khwapa mpaka pachigongono pali kanthu kolimba pansi pa khungu, ndikati ndikweze mkono kamakoka ngati wina wandimangirira kumwendo wa bedi. Kuwonjezera apo, mapiritsi. Ena amandigonetsa masanasana ngati mwana wakhanda. Ena amanditenthetsa thupi mwadzidzidzi, thukuta kamukamu, anzanga atavala majuzi. M'mutumu mumakhala ngati muli thonje. Makiyi ndinawapeza m'firiji, ndipo tsiku lina ndinaima pakati pa chipinda, supuni ili m'manja, osadziwa ngati ndikuchokera kukhitchini kapena ndikupitako.

Diresi nalonso silikhala bwino, limapendekera mbali imodzi ngati lapachikidwa pamsomali. Mukukumbuka chaka chija mawere anga atangoyamba kutuluka, ndinkayenda chowerama, mabuku nditawakumbatira pachifuwa? Inu munkandimenya kakhofi pamsana n'kunena kuti, "Wongoka iwe, sunabe kanthu." Ndinu amene munandipatsa kamisolo yanu yakale, mutaipinda ndi ulusi wakuda chifukwa woyera unatha. Ndayambanso kuyenda chowerama, akulu, koma wondimenya kakhofi palibe. Aliyense kuno amandigwira ngati dzira.

Ndisanatuluke m'chipatala anandipititsa kwa mayi wa mafizo, amene amathandiza ziwalo zouma kuti ziyambenso kuyenda. Ndi mayi wa mawu aakulu, amalankhula ngati akuitana munthu ali tsidya lina la msewu. Anandiphunzitsa kuyendetsa zala pakhoma: kuima moyang'ana khoma, zala n'kumakwawa ngati kangaude mpaka pamene ululu wanena kuti basi, kenako wina alembe mzere pamene zafika.

"Amayi, mzere umenewu ndiye dokotala wanu wa kunyumba," anatero. "Ukamakwera, musadzivute ndi mabampu a m'basi, pitirizani konko. Koma ukaima malo amodzi, bwerani msanga, tidzalimbane nacho limodzi chingwecho. Mwamva? Musandichitire manyazi."

Ntchito yolemba mzere anaitenga ndi alamu anu. Ndani winanso, m'nyumba mmene muli kalipentala wogona ndi pensulo kukhutu? Mukuwadziwa a Misomali. Ndinu nomwe munawapatsa dzinali, chifukwa tsiku loyamba kuwaona anali ndi misomali kukamwa ndipo anakupatsani moni ndi mutu wokha. Zaka zonsezi misomali ija sinachoke, ngakhale pamene kukamwako kulibe kanthu. Chiyambire matendawa sananenepo mawu akuti khansa. Amati "zijazi." Bala sanalionepo. Ndikamavula, iwo amakumbukira kuti kunja anasiya kanthu.

Tinasankha khoma la m'khonde la m'kati, pafupi ndi chitseko cha kuchipinda. Ine ndinkakwawitsa zala nditatsinzina chifukwa cha ululu, iwo n'kulemba mzere watsopano, wakale n'kufufuta, akuti khoma la eni ake lisade. Poyamba zinkayenda. Kenako m'mawa wina zala zinalephera kufika pamzere wa dzulo lake. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinakhala pansi pomwepo, chipumi nditagunditsa kukhoma, n'kulira kulira kumene sindinalire ngakhale tsiku limene anandiuza zotsatira. Iwo anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali. Pomaliza anangoti, "Mayi a Nsungwi, tiyi wazizira."

Kuyambira m'mawa wotsatira, mkono unayamba kukwera. Tsiku lililonse zala zinkadutsa mzere ndi kachidutswa, mwina kukula kwa chala chimodzi. "Mwadutsa," ankatero alamu anu, n'kulemba. Ine mtima m'malo. Ndinaimbira mayi wa mafizo kumuuza kuti dokotala wa kunyumba akusangalala, iye n'kuti ndipitirize. Ndinakuuzaninso inu, ndipo munaimba kanyimbo pafoni.

Si mzere wokha umene unkandichitira umboni. Nyumba yonse inkavomereza. Makapu a pashelefu ya kukhitchini, amene ndinkachita kupempha, ndinayamba kuwafikira ndekha, poyamba ndi nsonga za zala, kenako ndi dzanja lonse. Thaulo ndinkalikoleka ndekha pamsomali wake. Tsiku limene ndinayanika malaya pachingwe cha kuseri ndinaitana mayi woyandikana nafe kuti adzaone, ngati mwana amene waphunzira kukwera njinga.

Komabe panali kanthu kosalongosoka kamene sindinkakagwira. Ndinkamva ngati ndatalika. Ndikalowa kukhitchini, zinthu zinkandiyang'ana m'maso, pamene kale zinkandiyang'ana pamutu. Ndinafika pofunsa mtsikana wa ku famase, kamtsikana kafupi kochita kuima pachidebe kuti kaoneke pawindo. Ndinati, "Mwanawe, kodi mapiritsiwa amatalikitsa munthu?" Iko kanandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, akanakhala otero bwenzi ine nditamwa botolo lonse kalekale." Tinaseka, koma pobwerera ndinachita mantha. Ndinati, kapena zijazi zafika kumutu.

Panalinso tsitsi. Kapu ndinkaifikira, chingwe ndinkachifikira, koma chipeso sichinkafika pamutu panga. Ndinkapesa ndi dzanja lamanzere, mutu nditapendeketsa ngati nkhuku yomvera mvula. Ndinkadzifunsa kuti zingatheke bwanji kuti mkono ufike pashelefu koma ulephere pamutu wa mwini wake. Ndipo mzere uja, umene unkakwera m'mawa uliwonse kwa masabata onsewo, sunkayandikira pamwamba pa chitseko. Ndinawafunsa alamu anu. Anayang'ana khoma, anayang'ana ine, n'kuti, "Khomali ndi lalitali, mayi." Ndinakhulupirira. Munthu woika makiyi m'firiji angatsutsane bwanji ndi kalipentala pankhani ya muyeso?

Ndiye tsiku la makina linafika. Ndinavala bulauzi ya mabatani akutsogolo, ndinadzola mafuta kumaso, ndinapita ngati wophunzira amene wawerenga zonse. Chipindacho n'chozizira, chopanda windo, makina ake aakulu ngati kabati yopendekeka. Anandigoneka, mnyamata woyendetsa makina n'kuti, "Kwezani mkono, amayi, mugwire apa." Ndinakweza. "Kwezanibe." Ndinati ndakweza. Ndinatembenuza mutu kuti ndione, ndipo dzanja langa linali lendelende m'malere, kachitsulo kali kutali ngati nthambi ya mtengo wa eni. Anayesa kundithandiza pang'ono, ine n'kukuwa mawu amene sindinadziwe kuti ndili nawo.

Anaitana mayi wa mafizo. Anandigwiragwira m'khwapa, nkhope yake n'kusintha.

"Amayi, chingwechi chalimba ngati waya. Si munkati mzere ukukwera?"

"Unkakwera, tsiku lililonse."

"Mkono uwu? Uwu womwewu?"

"Ndili ndi winanso wodwala ngati?"

"Ankalemba ndani?"

"Bambo a kunyumba. Ndi akalipentala."

Anatsitsa mawu, chinthu chimene sindinamumvepo akuchita. Kenako anati, "Akalipentala salakwitsa muyeso mwangozi." Ine sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinkaganiza kuti akunena kuti wolakwitsa ndine, kuti mutu wanga wafika polota masana. Alamu anu anali panja pabenchi, chipewa chili pabondo. Nditawauza kuti andibweza, anadzuka, anatenga chikwama changa, ndipo m'basi monse ankangoyang'ana pawindo.

Amene anaulula zonse ndi Nsungwi, osadziwa n'komwe kuti akuulula. Atamva kuti andibweza anapempha tchuthi n'kubwera Loweruka. Mukudziwa msinkhu wake, sitinamutche Nsungwi pachabe. Analowera kuseri, ndipo chinthu choyamba chinali chingwe choyanikira, chinamukola pakhosi. Chachiwiri, anagunda chipumi pashelefu ya makapu.

"Amayi! M'nyumba muno mwayamba kusunga anthu afupiafupi? Chilichonse chikundimenya. Shelefu iyi inali apa?"

"Yakhala pomwepo chilowereni m'nyumba muno," ndinatero.

"Ayi ndithu. Ine ndakulira muno, sinandimenyepo."

Anachotsa makapu, n'kuyendetsa chala pakhoma pamwamba pa shelefuyo. Kenako anandikokera pafupi kuti ndione. Akulu, panali timabowo, totsekedwa bwinobwino ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, topakidwa penti mosamala, tiwiritiwiri, totsika ngati makwerero. Shelefu inatsika pang'onopang'ono, osati kamodzi. Tinapita kubafa, msomali wa thaulo chimodzimodzi. Mtengo wa chingwe choyanikira unali ndi mabowo ake. Ngakhale kokolekera chikwama kuseri kwa chitseko. Nyumba yonse inkatsika ine ndili momwemo, masana, mapiritsi atandigoneka. Alamu anu sankagwiritsa ntchito hamala kuopa kundidzutsa.

Nsungwi analowa kuchipinda kwathu kuti akaone ngati nakonso kwatsika, ndipo ndinamumva akuseka. "Koma kalilole yekha ndiye wakwera! Kwa nthawi yoyamba ndikudziona tsitsi osawerama." Ndinapita kukaima patsogolo pake. Ankandionetsa nkhope ndi khosi basi. Masabata onsewa ndinkadziyamikira kuti ndine wolimba mtima, kuti ndimavala patsogolo pa kalilole osagwetsa misozi. Sindinazindikire kuti chimene ndinkaopa kuona sichinkaonekamo.

Alamu anu ndinawapeza kushedi kwawo akupala thabwa. Ndinaima pakhomo mpaka anasiya.

"Bambo a Nsungwi, mzere uja munkautani?"

Anapukuta manja pabuluku. "Ndinkautsitsa."

"Tsiku lililonse?"

"Chala chimodzi. Inu n'kudutsa chala chimodzi."

"Ndiye kuti masabata onsewa ndakhala malo amodzi?"

Anavomera ndi mutu. Ndinawauza zonse zimene mukuganiza kuti ndinawauza, ndi zina zimene mayi athu akanatseka makutu. Ndinati mayi wa mafizo ananena kuti mzere ukaima ndibwerere msanga, ndipo iwo anali pomwepo, anamva ndi makutu awo. Ndinati nthawi imene tataya singagulidwe kusitolo ya matabwa. Ndinawafunsa ngati akufuna kundipangira bokosi, poti muyeso wanga akuudziwa kale. Mawu amenewo ndikanakonda ndikanawameza, koma anatuluka.

Anakhala pabenchi yawo. Atalankhula, analankhula kwa thabwa lija, osati kwa ine.

"Munalira, mayi. Tsiku lija pakhoma. Ine ntchito yanga, chitseko chikamakhula pansi, ndimachipala. Kabati ikapanda kulowa pamalo, ndimaidula. Inu sindingakupaleni. Ndiye ndinati ndikonze nyumba. Ndinkati ndichite masiku ochepa, mtima ukhale pansi, mkono utsatira pambuyo. Kenako munayamba kuseka. Ndikanasiya bwanji?"

"Nanga kalilole? Munamukweza chifukwa cha ine kapena chifukwa cha inu?"

Ndinadikira. Pomaliza anati, "Sindikudziwa." Ndipo ndikuganiza kuti pazonse zimene ananena tsiku limenelo, amenewa ndiwo mawu amene ndinawakhulupirira kwambiri.

Tsopano ndiuzeni, akulu, poti inu mumadziwa kuika zinthu m'malo mwake. Ndikwiye kapena ndithokoze? M'mawa ndimadzuka nditakwiya moti sindifuna kumva ngakhale kutsokomola kwawo. Pofika masana ndimapezeka ndaima kukhitchini ndikusisita timabowo tija, n'kumaganiza za bambo wa imvi akuyenda monyang'ama m'nyumba yake yomwe, shelefu ili paphewa, kuopa kudzutsa mkazi wake. Palibe munthu amene anandichitirapo chinthu chachikondi chotere, ndipo palibe amene anandiikapo pangozi yotere. Ziwirizi zikukana kusiyana, zili ngati bere lija, kulibe koma likuyabwa. Nthawi zina ndimadzifunsanso ngati ine sindinkadziwa ndithu. Chipeso chinkandiuza m'mawa uliwonse. Mutu wanga wokha ndi umene sakanatha kuutsitsa. Kapena ndinasankha kumvera shelefu chifukwa inkanena zokoma? Sindikudziwa, akulu. Nanenso yankho langa ndi lomwe lija la alamu anu.

Chimene ndinachita ndi ichi. Ndinawauza kuti abwezere chilichonse pamalo pake, ndipo mabowo atsopanowo asawatseke, akhale choncho ndiziwaona. Mzere tinausamutsira pafelemu ya chitseko, ndipo salembanso ndi pensulo, amadinda ndi tchizulo, kuti pasakhale chofufuta. Eni nyumba tidzakambirana nawo. Kalilole ndinati amuchotse kaye, ali pansi wayang'ana kukhoma, chifukwa sindinadziwe pomuika.

Kwa mayi wa mafizo ndikupita pafupipafupi, mabampu kapena ayi. Amakanda chingwe chija ndi zala zake ngati akukanda ufa wa buledi, ine n'kumaluma mpango. Tsiku loyamba alamu anu anandiperekeza, mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Ndinu akatswiri aja? Bwerani kuno, bambo. Chifundo chanu tachiona, tsopano tione nkhanza zanu." Anawaphunzitsa kugwira chigongono changa n'kumakankha pang'onopang'ono, osasiya ngakhale ndilire, pokhapokha ndikanena kuti ululu wasanduka wobaya. Dzana zala zinalephera kufika pa chidindo cha dzulo lake. Ndinatsegula maso kuti ndione chimene alamu anu achite. Anadinda pomwe ndinafikapo, m'munsi. Kenako anapita kushedi ndipo sanabwere kudzamwa tiyi.

Mkono watopa. Ndiisiya kalatayi m'kabati, ndidzaimaliza ndikadzakhala ndi chokuuzani.

30 Julayi

Akulu, ndabwera kuchokera kuchipatala, ndipo dzuwa lisanalowe ndati ndimalize kalatayi.

Ndinagwira kachitsulo kaja. Sindinganene kuti ndinakagwira mokongola. Zala zinafika, zinaterereka, zinafikanso, phewa likunjenjemera ngati la munthu wa malungo, misozi ikulowa m'makutu poti ndinali chagada. Mnyamata wa makina ankangoti, "Musasiye, amayi, musasiye, tatsala pang'ono." Sindinasiye. Chithandizo chiyamba Lolemba. Ndinawafunsa adokotala ngati kuchedwaku kwawononga kanthu. Anati tikadali m'nyengo yake, ngakhale kuti tafika kumapeto kwenikweni, ndipo zotsalazo palibe amene angalonjeze. Ndiye musaimbe kanyimbo kaja kaye. Kapena imbani chapansipansi.

Poyeza paja anandilemba timadontho ta inki pachifuwa ndi m'nthiti, toti makina azilunjika pamalo amodzimodzi tsiku lililonse. Anandichenjeza kuti posamba ndisatikhule. Titafika kunyumba ndinawaitanira alamu anu kuchipinda. Ndinayamba kumasula mabatani, ndipo ndinawaona akuyamba kukumbukira kuti kunja anasiya kanthu.

"Khalani pomwepo," ndinatero. "Pali muyeso wa anthu ena woti muuone."

Anakhala. Anayang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali, akulu, chipsera chonse kuyambira pakati pa chifuwa mpaka m'khwapa, ndipo ine ndinkayang'ana pakhoma pamene panali kalilole. Kenako ndinamva chala chawo chikuyenda kuchokera pa kadontho kena kupita pa kena. Pena ndinkachimva, pena ayi, chifukwa cha dzanzi lija.

"Anayeza ndi chiyani?" anafunsa.

"Ndi kuwala kofiira."

"Hmm. Madonthowa ali pa levulo, sanakhote." Chala chawo chinabwerera pachipsera. "Wosokayo nayenso dzanja lake ndi labwino."

"Timadonthoti musatitsitse," ndinatero.

Anaseka, kuseka kumene kunathera pena, nkhope ataibisa m'chipewa. Pano ndikulemba ndikumva hamala kuchipinda. Akukhoma kalilole pamabowo ake akale. Sindinamuyang'anebe. Mwina mawa, mwina mkuja. Kukwiya kuja sikunathe konse, kumabwera ndi kupita ngati kutentha thupi kwa mapiritsi, ndipo ndasiya kudikira tsiku limene ndidzamvetse.

Ndili ndi zopempha. Mukapeza mabulauzi a nsalu yofewa, a mabatani akutsogolo, munditumizireko, chifukwa akuti khungu lidzapsa ngati la munthu wokhalitsa padzuwa. Chachiwiri, pitani mukayezetse. Musandiuze kuti mulibe nthawi, tinayamwa bere limodzi ine ndi inu. Mukamaliza kuwerenga kalatayi kwezani mkono wanu, poti inu umakwera, mudzigwiregwire, ndipo mwezi wa mawa usathe musanaonane ndi adokotala.

Chomaliza ndi ichi. Lamlungu mukaimba, musadzanene kuti, "Ukumveka bwino lero," ngati sindikumveka bwino. Ndazindikira kuti nanunso mwakhala mukunditsitsira shelefu kuchokera kutali konko, ndipo ine ndakhala ndikukutsitsirani yanu. Ndikadzati ndatopa, mudzangoti wamva. Ndikadzayamba kuwerama, mudzandimenye kakhofi kaja, ngakhale ndi mawu okha.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana, muwauze kuti mayi awo aang'ono akadalipo, ngakhale apendekera mbali imodzi. Nsungwi akupereka moni, akuti chipumi chapola. A Misomali nawonso ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Aima pakhomo, misomali ili kukamwa, ndipo agwedeza mutu kawiri. Inu mukudziwa kumasulira kwake.

Tsalani bwino, akulu anga. Ndikukupatsani moni ndi dzanja lamanja, nditalikweza mpaka pamene likufikadi.

Ndine mng'ono wanu,
uja wa mabuku pachifuwa.